Estrogen si mdani wanu: zofunika kudziwa za jakisoni wa testosterone

Fodya akagulitsidwa kapena golide akaoneka kumgodi, ndalama n'kugwira m'thumba, nkhani za abambo pabawo zimasintha. Wina amakamba za gondolosi, wina za mapilisi a pamsika. Masiku ano palinso amene akukamba za jakisoni wa testosterone, amene anamumva kwa acibale a ku Joni kapena anamuona pa Facebook. Amati ukabayitsa kutopa kumatha, minofu imabwera, kucipinda nako zinthu zimayenda.

Koma nkhaniyi ili ndi mcira wake. Ena amene abayitsa amadzadabwa mawere ayamba kuwawa ndi kutupa ngati a mtsikana amene akutha msinkhu. Akafunsa, amauzidwa kuti wapalamula ndi estrogen, "homoni ya akazi", ndipo amawagulitsanso mankhwala ena oti amuphe. Apa ndi pamene ambiri amasocera. Mwamuna aliyense ali ndi estrogen ndipo amamufuna. Ali ngati mcere m'ndiwo: akaculuka ndiwo zimawawa, akasowa sizidyeka. Kaya ndinu bambo amene mukuganiza zobayitsa, kaya ndinu mayi amene amuna anu ayamba kale, werengani mpaka kumapeto.

Mahomoni awiri m'thupi limodzi

Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga lokha n'kutituma kudzera m'magazi kuti tikauze ziwalo zocita. Testosterone amapangidwa makamaka m'macende. Mutikhululukire pochula dzina, nkhani ya matenda sitingaizungulire. Iye ndi amene amakulitsa mawu a mnyamata, kumeretsa ndevu, kulimbitsa minofu ndi mafupa, kuthandiza kupanga magazi ndi mbewu yoberekera, komanso kudzutsa cilakolako.

Macendewo sagwira nchito mwa okha. Pansi pa ubongo pali kanthu kakang'ono ngati njere ya khobwe, kochedwa pituitary, kamene kamatumiza uthenga woti apange testosterone ndi mbewu. Kakaona kuti m'magazi muli wokwanira, kamacepetsa uthengawo, monga mayi amene waona kuti mitsuko yadzaza sauzanso ana kuti apite kucitsime. Mfundo imeneyi muisunge, tibwereranso.

Nanga estrogen amacokera kuti mwa mwamuna? Amacokera kwa testosterone yemweyo. Nkhokwe imodzi imatipatsa cimanga ca ufa ndi ca cimera. M'thupinso muli kanthu kochedwa aromatase, kamene kamatenga gawo locepa la testosterone n'kulisandutsa estrogen. Kamapezeka kwambiri m'mafuta a m'thupi, komanso m'mafupa, mu ubongo ndi m'macende. Mtundu waukulu wa estrogen, umene amayeza kulabotale, dzina lake ndi estradiol.

Pamenepa pakutuluka zinthu ziwiri. Mukathira testosterone wambiri m'thupi, estrogen nayenso amakwera, cifukwa mwaonjezera copangira cake. Ndipo mwamuna wa mimba yaikulu ya mafuta amasandutsa wambiri kuposa mnzake wocepa thupi.

Estrogen ali ndi nchito mwa abambo

Kwa zaka zambiri madokotala nawonso ankaganiza kuti estrogen ndi wa akazi basi. Mu 1994, madokotala a ku America analemba za mwamuna wina wa zaka 28 amene thupi lake silinkamva estrogen cibadwire. Testosterone anali naye wokwanira, ndevu anali nazo, koma anali wamtali masentimita 204 ndipo ankatalikabe, mafupa ake ali ofooka ngati a nkhalamba. Zinaonetsa kuti estrogen ndi amene amatseka kukula kwa mafupa ndi kuwalimbitsa, ngakhale mwa amuna.

Mu 2013, dokotala Joel Finkelstein ndi anzake a ku Boston anafalitsa kafukufuku wa amuna 400 a zaka 20 mpaka 50. Anayamba aimitsa mahomoni a matupi awo, kenako n'kuwapatsa testosterone wa milingo yosiyanasiyana. Theka la amunawo anawapatsanso mankhwala otsekereza estrogen. Amene anatsekeredwa estrogen aja ananenepa mafuta, ndipo cilakolako ndi mphamvu zawo za kucipinda zinatsika. Mwaona? Cinthu cimene munthu akucifuna pobayitsa ndi comweco cimene amataya akapha estrogen yense.

Ndani ayenera kulandira testosterone?

Testosterone ndi mankhwala enieni, ndipo alipo abambo amene amawafunadi: amene macende awo anavulala kapena anacotsedwa, amene anatupa macende atadwala matsagwidi ali aakulu, amene ali ndi cotupa pa pituitary, kapena amene anabadwa ndi vuto lochedwa Klinefelter. Kwa amenewa mankhwalawa amabwezeretsa mphamvu ndi kuteteza mafupa, ndipo nthawi zambiri amakhala a moyo wonse.

Koma kutopa kokha si umboni. Munthu amene wakhala m'munda kuyambira mbandakuca, amene ali ndi malungo, wocepa magazi, wa shuga, wa nkhawa ya ngongole, onsewa amatopa, ndipo kucipinda zinthu zimatha kukanika. Anzanu akamakusekani kuti munagwa mumpapaya, dziwani kuti nthawi zambiri vutolo limacokera ku mitsempha ya magazi, shuga, BP imene ena timati tensão, mowa, kusuta kapena maganizo, osati ku mahomoni.

Dokotala amafuna zinthu ziwiri pamodzi: zizindikiro, ndi magazi oonetsa kuti testosterone wacepadi. Magaziwo amatengedwa m'mawa, nthawi isanakwane 10 koloko, munthu asanadye, cifukwa testosterone amakwera m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Amayezanso kaciwiri tsiku lina. Madokotala ambiri amaika malire pa 300 ng/dL, imene ndi pafupifupi 10 nmol/L. Sayeza munthu ali mkati modwala, cifukwa matenda alionse aakulu amamutsitsa kwa kanthawi.

Akapezeka kuti wacepa, funso lotsatira ndi lakuti: wacepa cifukwa ciani? Kunenepa kwambiri, shuga, mowa, TB, HIV imene sikulandira cithandizo, ndi kumwa kwa nthawi yaitali mankhwala opha ululu monga tramadol, zonsezi zimamutsitsa. Zikakonzedwa, kawirikawiri amakweranso yekha popanda jakisoni. Ukalamba nawo umamutsitsa pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse pa caka munthu akapitirira zaka 40, ndipo amenewa si matenda.

Cimene cimacitika mukabayitsa

Mankhwalawa amabwera m'njira zingapo. Pali jakisoni wa kanthawi kocepa, monga testosterone enanthate kapena Sustanon, wobaya pakapita sabata imodzi mpaka zitatu. Pali wokhalitsa, monga Nebido, wobaya pakapita masabata 10 mpaka 14. Palinso mafuta odzola pakhungu tsiku ndi tsiku.

Jakisoni wa kanthawi kocepa uja amacita ngati mtsinje wa nthawi ya dzinja. Masiku oyamba madzi amasefukira, kenako amaphwera. Pa kusefukirako, aromatase amapeza zambiri zosandutsa, ndiye estrogen amakwera. Mlingo ukakhala waukulu, monga umene amabaya anyamata ofuna minofu, kusefukirako kumakhala koopsa.

Zizindikiro zimene zimaoneka ndi izi: nsonga za mawere zimayabwa kapena kuwawa malaya akazikhudza, pansi pa nsongayo pamamveka kanthu kolimbirako ngati batani la labala, mapazi amatupa nsapato n'kuyamba kuthina, ndipo ena amasinthasintha mtima. Koma cenjerani, kutupa mapazi kumabweranso ndi testosterone mwiniwake, amene amasunga mcere ndi madzi m'thupi, ndiponso kungakhale cizindikiro ca matenda a mtima, impso kapena ciwindi. Musathamangire kunena kuti ndi estrogen.

Mawere akayamba kuwawa, mucite ciani?

Coyamba, musacedwe. M'miyezi yoyambirira, pamene bere likuwawa, limatha kubwerera. Likatha caka limakhala litalimba mkati, ndipo pamenepo mankhwala sathandizanso, cotsala ndi opaleshoni.

Caciwiri, bwererani kwa dokotala amene anakulemberani. Iye adzagwira berelo kuti asiyanitse mafuta wamba ndi kukula kwenikweni kwa bere, ndipo angayeze testosterone ndi estradiol. Nambala ya estradiol ikakwera pang'ono koma inu simukumva kanthu, madokotala ambiri saigwira, cifukwa amaciza munthu, osati pepala.

Cacitatu, njira yoyamba si kuonjezera mankhwala ena, koma kucepetsa gwero. Dokotala angatsitse mlingo, angagawe jakisoni kuti muzibaya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, kapena angakusinthireni ku mtundu wina. Mbali yanu ndi kucepetsa mimba ndi mowa. Kacasu, amene ena amati nipa, amaononga ciwindi, pomwe ciwindico ndi cimene cimacotsa estrogen wotsala m'magazi. Amafooketsanso macende.

Nanga mapilisi aja oti amapha estrogen? Odziwika kwambiri ndi anastrozole ndi letrozole. Amenewa anapangidwira amayi odwala khansa ya m'mawere amene anasiya kusamba, ndipo nchito yawo ndi kutseka aromatase. Ndi amphamvu kwambiri, moti pilisi laling'ono lingagwetse estrogen wa mwamuna mpaka pansi. Zikatero m'maondo ndi m'zigongono mumaphwanya, cilakolako cimazima, thupi limatentha mwadzidzidzi ngati mayi wosiya kusamba, mtima umakhala wosakondwa, ndipo mafupa amafooka mwakacetecete. Zimenezi simuzimva lero. Mudzazidziwa tsiku limene mudzagwe panjinga n'kuthyoka ciuno. N'cifukwa cake malangizo a madokotala salimbikitsa kupereka mapilisiwa kwa mwamuna aliyense amene ali pa testosterone. Amaperekedwa kwa ocepa, pa mlingo wocepa, magazi akuyezedwa.

Pali mankhwala enanso ochedwa tamoxifen, amene satsitsa estrogen koma amamutsekera pabere. Dokotala angawapereke kwa miyezi yowerengeka pamene bere likadali lowawa. Nawonso ali ndi vuto lawo, amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha, conco si ogula mwa nokha.

Si mawere onse amene abwera ndi jakisoni

Abambo ambiri kuno kwathu ali ndi mawere otupa koma sanaonepo testosterone wa m'botolo. Anyamata ambiri amatupa mawere akamatha msinkhu, ndipo amaphwa okha pasanathe zaka ziwiri. Musawaseke, musawafinye, musawateme mphini. Kwa akuluakulu, angabwere ndi matenda a ciwindi, a impso, kunenepa, kapena mankhwala monga spironolactone ndi cimetidine.

Mankhwala a HIV ochedwa efavirenz nawonso amadziwika ndi kutupitsa mawere mwa amuna ena. Kuyambira mu 2019, Mozambique anayamba kusinthira anthu ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ngati muli pa TARV ndipo mwaona bere likukula, kauzeni acipatala. Musasiye kumwa ngakhale tsiku limodzi, kusintha mankhwala ndi nchito yawo.

Pali zizindikiro zina zosafunika kugona nazo: cotupa colimba ngati mwala mbali imodzi yokha, nsonga yolowa mkati, magazi kapena madzi otuluka m'bere, cilonda cosapola, kapena mwanabere m'khwapa. Khansa ya m'mawere imagwiranso amuna. Pa odwala 100 alionse, pafupifupi mmodzi amakhala mwamuna. Bere likatupa pamodzi ndi cotupa m'macende, pitaninso msanga.

Zoopsa zazikulu kuposa mawere

Mawere amacititsa manyazi cifukwa amaoneka, koma zimene zingakupheni sizioneka.

Coyamba ndi kulimba kwa magazi. Testosterone amauza mafupa kuti apange maselo ofiira ambiri. Akaculukitsa, magazi amasiya kuyenda ngati thobwa n'kukhala ngati phala, ndipo angatseke mtsempha wa mu ubongo, mumtima kapena m'mapapo. Muyeso wake ndi hematocrit. Ikapitirira 54 pa 100 alionse, mankhwala amaimitsidwa kapena kucepetsedwa. Amayeza musanayambe, pakapita miyezi 3 mpaka 6, kenako caka ndi caka. Osuta ndi amene amabaya jakisoni wa kanthawi kocepa ndi amene ali pangozi kwambiri. Mutu ukamawawa mosalekeza, maso akamacita cidima, mwendo umodzi ukatupa n'kumawawa, kapena mpweya ukamabanika, thamangirani kucipatala.

Caciwiri ndi kubereka. Mukukumbukira mayi uja wa mitsuko? Pituitary ikaona testosterone wambiri wocokera kunja, imasiya kutumiza uthenga. Macende amagona, amacepa, ndipo mbewu imatha. Umuna umatuluka monga kale koma mkati mulibe kanthu. Bungwe la WHO linayesapo jakisoni ameneyu ngati njira yolera ya abambo, ndipo zotsatira za mu 1990 zinaonetsa kuti pafupifupi amuna awiri mwa atatu alionse anatheratu mbewu m'miyezi 6. Munthu akasiya, ambiri mbewu imabwerera pasanathe caka, ena zimatenga zaka ziwiri. Ganizirani banja limene likufuna mwana: bambo akubayitsa mobisa kuti akhale "wamphamvu", mimba sikubwera, acibale n'kumaloza cala mayi. Ngati mukufuna mwana, testosterone si mankhwala anu. Komanso musamudalire ngati njira yolera, cifukwa sagwira kwa onse.

Cacitatu ndi prostate, kanthu kamene kali pansi pa cikhodzodzo. Amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya m'mawere sayenera kulandira testosterone. Abambo opitirira zaka 40 akambirane ndi dokotala za kuyeza magazi a PSA asanayambe, ndipo mkodzo ukayamba kuvuta anene.

Cacinayi ndi mtima. Kafukufuku wamkulu wochedwa TRAVERSE, wa amuna opitirira 5,000 a zaka 45 mpaka 80, anatuluka mu 2023. Anapeza kuti testosterone wodzola sanaonjezere matenda a mtima oopsa kapena sitiroko, koma anaonjezera pang'ono kugunda kwa mtima kosalongosoka ndi kuundana kwa magazi m'mapapo. Dziwani kuti amunawo anali oyezedwa, a testosterone wocepadi, olandira mlingo woyenera. Zotsatirazi sizikukamba za munthu wobayitsa kuseri kwa golosale. Mankhwalawa angakwezenso BP, ndipo amene wadwala mtima kapena sitiroko m'miyezi 6 yapitayi sayenera kuyamba.

Pali zinanso zing'onozing'ono: ziphuphu kumsana ndi kumaso, dazi kwa amene kwawo kuli dazi, kupsa mtima msanga. Amene amaliza mkonono n'kumabanika kutulo, vutolo lingakule. Pa ici, amayi ndinu amene mumamva usiku, nenani. Ndipo ngati bambo akudzola wa mafuta, asambe m'manja ndi sopo, avale malaya, asanyamule mwana pakhungu lodzolalo. Mankhwalawa amalowa mwa mwana n'kumuyambitsa zizindikiro za kutha msinkhu akadali wamng'ono, ndipo ndi oopsa kwa mayi woyembekezera.

Kuno ku Chifunde zikutanthauza ciani?

Kuyeza mahomoni kumafuna labotale yaikulu. Kwa munthu wa ku Mualadzi kapena kufupi ndi Cassacatiza, zimenezi zikutanthauza ulendo ndi ndalama, kaya wopita ku Hospital Provincial de Tete, kaya woolokera ku Zambia monga amacitira ena popita ku St Francis ku Katete. Ndipo si ulendo umodzi ayi. Muwerengere musanayambe: kodi ndidzakwanitsa kuyezetsa kawiri poyamba, kenako pakapita miyezi itatu, kenako caka ciliconse? Kodi mankhwalawo ndidzawapeza mwezi ndi mwezi, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale ndalama za fodya zitatha? Amene amabaya lero n'kusowa mawa amatsala pakati: macende anagona, wa m'botolo watha, ndipo amafooka kwa masabata kapena miyezi kuposa mmene analili poyamba.

Poyambira pabwino ndi pafupi pomwepa. Pitani kucipatala ca kwanu, mukayezetse BP, shuga, HIV ndi kuculuka kwa magazi. Mufotokoze zonse mosabisa, wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ngati pakufunika kupita patsogolo, adzakulemberani kalata yotumizira.

Botolo lopanda receita ya dokotala musalilandire, ngakhale wakubweretserani ndi mlamu wanu. Ku Mozambique mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la ANARME, ndipo ogulitsidwa m'cikwama sanadutse kumeneko. Simudziwa cimene cili mkati, kaya mlingo wake, kaya anakhala padzuwa masiku angati. Singano yobwerekana imapatsira HIV ndi matenda a ciwindi a hepatitis B ndi C, ndipo yakuda imasiya cithupsa ca mafinya m'thako.

Ngati munayamba kale mwa nokha, musacite manyazi. Tengani botololo ndi mapilisi onse, mukawaonetse acipatala, muwauze tsiku limene munayamba ndi mmene mumabayira. Ndipo ngati dokotala ndiye wakulemberani, musatuluke m'cipindamo musanafunse mafunso anayi awa: Testosterone wanga wacepa cifukwa ciani? Ndikufunabe ana, ndiye titani? Hematocrit mudzandiyeza liti? Mawere akayamba kuwawa ndibwere kwa yani? Safunsa anadya phula. Mayankho ake muwalembe kuseri kwa khadi lanu la kucipatala, ndipo pa ulendo wotsatira mupite ndi akazi anu.